Tepi ya Esinati

Zaka zanga zoyamba ku Kasungu

Ana anga, za kusukulu ndi za kumudzi kwa agogo anu mwazimva mokwanira, ndiye ndingoyambira pomwe ndinayamba kulandira malipiro. Boma linanditumiza ku ofesi ya zaulimi ku Kasungu ngati woonetsa kanema. Masiku ano mukamva zimenezi mumaseka, poti aliyense ali ndi kanema wake m'thumba, koma nthawi imeneyo galimoto yathu ikalowa m'mudzi ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti kwabwera boma. Tinkamanga chinsalu pakhoma la sukulu kapena pakati pa mitengo iwiri, jenereta n'kulira, ine n'kugwira maikolofoni. Mafilimu ambiri ankabwera ali m'Chingerezi, ena opanda mawu n'komwe, choncho ntchito yanga inali kuyankhula pamwamba pake: kafesedwe ka nazale ya fodya, kutalikirana kwa mizere, kuopsa kwa anankafumbwe. Ndisabise, mawu ndinali nawo. Ku Kaomba ankanditcha abambo a wailesi, ndipo amayi anu anayamba kumva mawu anga asanaone nkhope yanga, mwina n'chifukwa chake anandilola.

Kusowa kwa zipangizo kunali mbali ya ntchitoyo. Mwezi uno mafuta a galimoto alipo koma babu ya makina yapsa. Babu ikafika kuchokera ku Lilongwe, matayala atha. M'dzinja tinkatitimira m'madambo, alimi n'kudzatikankha, ife n'kuwalipira ndi filimu ya kasamalidwe ka misewu ya m'minda. Patapita zaka makina akale aja anatheratu, ndipo anatipatsa wailesi yakanema yaikulu, deki ya matepi ndi kamera imodzi yolemera ngati mwana wa mbuzi. Matepi okha ankabwera mwa apo ndi apo, moti tepi imodzi tinkaijambulapo mobwerezabwereza mpaka nkhope za anthu zinkaoneka zobiriwira. Mabwana anabwera n'kupita, ena abwino, ena ongodziwa kufunsa za alawansi. Amene ndinakhala nawo nthawi yaitali anali Mayi Kamanga, munthu wosachulutsa mawu, amene akafuna kukana ankati ayi kamodzi kokha n'kubwerera ku ntchito yawo.

Kenako kunabwera Laitoni Zgambo, dalaivala, wa chakumpoto kwa boma lathu lomweli. Inu mumamudziwa ngati ankolo a vidiyo, ndipo ndikudziwa kuti mumamukonda, musandinamize. Anali wocheperako msinkhu kwa ine, wapakamwa posatseka, woti akakuseketsa umaiwala kuti wachedwa ndi galimoto. Tsiku lina ku Chisemphere chimfine chinanditseka pakhosi, ndiye ndinamupatsa maikolofoni kuti angobwereza zimene ankandimva ndikunena. Filimu inali ya anankafumbwe. Iye m'malo mofotokoza anayamba kuyankhula ngati nankafumbwe mwini wake, akuitana mkazi wake ndi apongozi ake kuti asamukire m'nkhokwe ya munthu waulesi. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Ulendo wotsatira nditangoti, "Moni nonse," wina kumbuyo anakuwa kuti, "Tikufuna adalaivala!" Ndinamwetulira monga munthu wamkulu, koma mkatimu munali moto. Nsanje inandiyamba tsiku limenelo, ndipo sindikunamizani kuti inatha.

Chaka chimene makuponi anayamba

Makuponi a feteleza atangoyamba, Mayi Kamanga anandiitana.

"A Mwale, anthu akuthira feteleza ngati mchere wa m'ndiwo. Tipange filimu yathuyathu, ya alimi athu omwe, m'chilankhulo chathu. Mutha?"

Ndinati nditha, ndipo ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati ndakwezedwa pantchito. Zaka zonsezo ndinali ndikuyankhulira mafilimu a eni ake. Iyi inali yoyamba yanga, ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa kuti dalaivala angathe kuseketsa anthu, koma filimu sangapange.

Tinapita ku kalabu ina ya alimi chakufupi ndi malire a nkhalango. Mudziwo sindiutchula, anthu ake anavutika mokwanira. Mlangizi wa deralo anatisankhira mlimi wachitsanzo, bambo wamfupi, waukhondo, wosamwa mowa, wopereka moni ndi manja awiri. Nayenso dzina lake sindililemba. Munda wake unali wosiririka, mizere yowongoka, udzu wosapezeka. Anali ndi njinga yolimba ya keliyala yaikulu, ndipo ankatamandidwa kuti amathandiza amayi kunyamula matumba a feteleza kuchokera kokagula, osawalipiritsa. Woti athire feteleza pamaso pa kamera anali Esinati, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, amene anzake anamukankhira kutsogolo poti sankachita manyazi. Bamboyo ankatapa feteleza ndi chitsekero cha botolo n'kumupatsira, Esinati n'kuthira m'kadzenje pambali pa phando la chimanga, a m'kalabu ena ataima mozungulira. Ine ndinali kuseri kwa kamera, Laitoni atagwira maikolofoni yomangirira kunsungwi. Titabwerera ku ofesi ndinadula zosafunika n'kuikamo mawu anga ofotokoza, monga mwa ntchito yanga.

Filimu imeneyo ndinainyadira ngati mwana woyamba. Koma alimi ankangoionera mwaulemu, monga amamverera zolengeza za kutchalitchi. Ikatha ndinkafunsa ngati pali mafunso, ndipo funso linali limodzi kulikonse: "Nanga makuponi a m'mudzi mwathu afika liti?"

Laitoni anasiya ntchito ya boma chaka chomwecho. Anachita lendi shedi yakale yosankhiramo fodya pamalo ena a malonda, pamsewu wolowera ku Lifupa, n'kutseka mipata yonse ndi zisaka kuti mukhale mdima ngakhale masana, n'kutsegula vidiyo. Mafilimu ake anali oopsa aja a azungu, amene munthu wobisa nkhope amasaka anzake mmodzimmodzi, ndipo iye ankawaikira mawu a Chichewa. Mzungu akuthamanga m'nkhalango ya kwawo, koma Laitoni akuti akuthawira ku Kaomba kwa azakhali ake. Ndinapitako tsiku lina ngati wongodutsa, ndipo ndinapeza anthu atadzaza mpaka pakhomo dzuwa likuswa mtengo. Ananditulukira akupukuta thukuta.

"Akulu, mukudziwa chimene chimawakoka anthuwa? Si magazi yayi. Ndi mawu aja amalembedwa poyambirira, oti izi zinachitikadi. Azungu ndi ochenjera chomene. Kwawoko kukapezeka munthu wopha anzake motsatizana, amadikira maliro athe, n'kutenga kachinthu ka munthuyo, kaya ndi nyumba yake, kaya ndi ntchito imene ankagwira, kaya ndi mmene ankanyengerera anthu. Zinazo amawonjezera okha. Ine ndikangowerenga mawu amenewo, m'shedi muno simumveka ngakhale kutsokomola."

"Ndiye ukudyera pa maliro a eni ake," ndinatero.

"Maliro a kutsidya kwa nyanja, akulu. Sitinalire nawo ife."

Ndinabwerera ndikudziuza kuti ntchito yanga ndi yophunzitsa, yake ndi yoopseza anthu. Koma njira yonse ndinkangoona khamu lija, lolowa lokha popanda mlangizi kuliitana.

Dzinja la chaka chotsatira

Amayi anayamba kusowa kudera lomwe tinajambula lija. Woyamba atapezeka m'dambo atamwalira, anthu anati ndi zilombo za m'nkhalango. Kenako kunasowa wina, kenako winanso, onse pobwerera kokagula feteleza, ndipo matumba awo sankapezeka. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi ndi fisi wanji amene amanyamulanso matumba. Esinati anali womaliza kuphedwa. Patapita nthawi pang'ono mayi wina anapulumuka: anadumpha panjinga ya munthu amene anamunyamula n'kuthawira m'munda wa fodya wa pa esiteti ina, komwe matenanti anamuteteza. Anatchula dzina, apolisi anapita, ndipo m'chigafa cha mlimi wathu wachitsanzo anapezamo matumba ndi zitenje zomwe sizinali za mkazi wake. Mlandu unathera kukhoti, ndipo kundende sanatulukeko.

Nkhaniyi inandipeza ku ofesi. Munthu ameneyo ndinadya naye m'mbale imodzi. Pochoka tsiku lojambula lija anandipatsa nkhuku yoti ndikapatse amayi anu, ndipo inu nomwe munadyako.

Chodabwitsa n'chakuti sabata yomweyo filimu yanga inatchuka. Tinali titakonza kale zokaonetsa pa sukulu ina ku Kaomba, ndipo tinapeza bwalo litadzaza kuposa pa msonkhano wa ndale, ena ali m'mitengo. Nkhope ya bambo uja itangooneka, khamu lonse linati "Hiii!", amayi n'kugwira pamutu. Atamupatsira Esinati chitsekero chija, wina anakuwa, "Usalandire, mwana iwe! Thawa!" Palibe anamva liwu ndi limodzi lomwe la kathiridwe ka feteleza. Komabe, ana anga, nditaona khamu limenelo munthu woyamba amene ndinamuganizira anali Laitoni. Mumtima ndinati, bwera udzaone, iwe zako ndi za azungu, yangayi ndi yeniyeni.

Mayi Kamanga atamva anandiitana m'mawa mwake.

"Filimu ija isaonetsedwenso. Fodya akatha kugulitsidwa tili ndi chionetsero cha zaulimi, ndipo matepi tilibe. Mudzajambulire pa tepi ya filimu imeneyo."

Ndinayesa kunena kuti uthenga wa feteleza ndi wofunikabe kwa alimi. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, ine n'kutuluka. Tepiyo ndinaitsekera m'kabati kudikira tsiku loifafaniza.

Nyengo yogulitsa fodya, chaka chomwecho

Laitoni sanachedwe. Anabwereka kamera kwa wojambula maukwati, anasonkhanitsa anthu ogulitsa pamsika amene ankakonda zisudzo, n'kujambula filimu yakeyake m'madambo a kuseri kwa shedi yake. Dalaivala amene ndinkati sangapange filimu uja anaipanga. Kwa munthu weniweni anatengako zochepa: njinga, belu lake, ndi mawu aulemu aja akuti, "Ndikuthandizeni katunduyo, mayi." Zina zonse anapeka. Wakupha wake anali chimphona chovala chisaka kumutu, choyenda motsimphina, chonyamula singano yaikulu yosokera mabelo a fodya. Amayi a m'filimumo analibe mayina, ntchito yawo inali kukuwa basi. Mpaka lero mukafunsa achinyamata a kuno za munthu uja, amakuuzani kuti anali wamtali kufika padenga, pomwe ine ankandilekeza m'phewa.

Koma ndivomere, Laitoni ankadziwa pomwe mantha amagona. Chisakacho sichinkaopsa anthu kwenikweni. Chomwe chinkawaumitsa thupi chinali belu kulira kumbuyo kwa mayi amene walemedwa, kenako moni waulemu. Poti ndalama za fodya zinali m'matumba, anthu ankachoka kutali kudzaonera, ena mobwereza. Zotsatira zake ndinaziona ndekha. Tsiku lina ndinaimitsa njinga kuti ndithandize mayi wina amene ankavutika ndi thumba la chimanga, ndipo nditangoti, "Mayi, ndikuthandizeni," anataya thumbalo n'kulowa m'tchire akukuwa. Ndinayenera kulilondera mpaka abale ake atabwera ndi zibonga.

Amayi anu anakaionera mobisa ndi anzawo a kutchalitchi. Ndinadziwira poti belu la njinga likalira panja ankadzidzimuka n'kutaya zomwe agwira.

"Ndiye mwakaonera za Laitoni?" ndinawafunsa.

"Aaa, bambo, tinangodutsirapo. Komatu Laitoniyo ali ndi mphatso."

Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Filimu yanga anaionera kamodzi, ndipo anawodzera isanafike pakati. Mudzafunsa kuti nanga ine zonsezi ndinazidziwa bwanji. Inde, nanenso ndinakaionera, nditakhala kumbuyo kwenikweni ndi chipewa chofika m'maso, ndipo belu litalira tsitsi linandiimirira ngati wina aliyense. Zimenezo n'zomwe zinandipsetsa mtima kwambiri.

Patapita masiku Laitoni anabwera ku ofesi pa njinga yamoto yatsopano, n'kundiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Akulu, ndikufuna kupanga gawo lachiwiri, koma liyambe ndi nkhope yeniyeni. Pomwe akumupatsira mtsikana uja feteleza, pomwepo basi. Azungu amatero, amaika chithunzi cha mwini wake kuti anthu adziwe kuti si nthano. Ndamva kuti tepi yanu muifafaniza. Ndibwerekeni ndikope, ndikubwezerani tsiku lomwelo. Dzina lanu likhala poyambirira m'zilembo zazikulu: wojambula, Bambo Mwale. Lifika ku Lilongwe, lifika ku Mzuzu."

Sindinamuthamangitse. Ndinamuuza kuti ndiganizire kaye, ndipo ndinaganizadi mpaka mutu kuwawa. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito dzina langa linali lisanalembedwepo pa kanema aliyense, ngakhale pa filimu yanga yomwe panalembedwa dzina la ofesi. Khamu la Laitoni ndinkalifuna ngati madzi. Ndinkadziuza kuti tepiyo ikufafanizidwa kale, kuti anajambula ndine, kuti nkhaniyo Laitoni akudyerapo kale ine ndikhalepo kapena ndisakhalepo. Koma ndikaganiza za Esinati akuseka pa kanema m'shedi muja, anthu akutafuna nzimbe n'kumadikira kuti aphedwa nthawi yanji, mtima unkabwerera. Panalinso china. Tepi imeneyo inali chinthu chokhacho chimene ine ndinali nacho, iye alibe, ndipo zinkandiwawa kuti ndichipereke ndi manja anga. Mwa zifukwa ziwirizi sindingakuuzeni cholemera chinali chiti. Ndinamutumizira mawu okana.

Chionetsero cha zaulimi chitayandikira

M'mawa wina ndinapeza mayi wachikulire atakhala pansi pakhonde la ofesi, atavala chitenje chakuda, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Mlonda anali atawapatsa mpando koma anakana. Anati ndi a Nachisale, mayi ake a Esinati.

"Ndinu a kanema?"

"Ndine, mayi."

"Anthu akuti mwana wanga ali m'makina mwanu, akuyenda. Ine chithunzi chake ndilibe ngakhale chimodzi. Kamdzukulu anandisiyira kaja kayamba kufunsa kuti amayi ankaoneka bwanji, ndipo ine ndikatseka maso nkhope ikumandithawa. Ndimati ndimuoneko."

Ndinapita kwa Mayi Kamanga ndikuyembekezera ayi wawo uja. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Tsekani mawindo muwaonetse. Pasalowe wina."

Ndinawalowetsa m'kachipinda kathu kosungira makina. Ndisanayatse ndinang'amba chikatoni, ndipo chithunzi chitafika pamunda paja ndinatseka nacho mbali imene kunali bambo uja.

"Chotsani chimenecho, bambo."

"Mayi, kumeneku kuli munthu uja."

"Ndikumudziwa, ankabwera kwathu. Chotsani, mukundibisira dzanja la mwana wanga."

Ndinachotsa. Anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Esinati analandira chitsekero, anawerama, anathira. Kenako anadzutsa mutu, ananena kanthu, ndipo a m'kalabu onse anaseka mpaka ena kugwirana m'mapewa. Koma chomwe chinamveka m'chipindamo anali mawu anga, okhuthala, onyadira: "Chitsekero chimodzi pa phando lililonse, kenako kwirirani."

"Bwezani," anatero a Nachisale.

Ndinabweza.

"Akuyankhulatu apa. Nanga bwanji mukumveka ndinu? Tachepetsani anuwo ndimve ake."

Ndinawafotokozera mmene tinkagwirira ntchito. Deki yathu ikalandira mawu atsopano inkafafaniza akale, ndipo tepi ya m'kamera, imene inali ndi mawu a tsikulo, tinali titajambulirapo kale zina chifukwa cha kusowa kwa matepi. Umu ndi mmene aliyense wa ntchito yathu ankachitira, ndipo palibe ankaona cholakwika, poti mlimi m'filimu ankafunika manja ake, osati pakamwa pake. Anamvetsera zonsezo mofatsa.

"Chabwino. Ndiye ananena kuti chiyani? Munalipotu inu."

Ndinayang'ana milomo ya Esinati, ndinabwezanso, koma m'mutu munalibe kanthu. Tsiku lojambula diso langa linali pa kamera, maganizo ali pa mawu amene ndidzaikemo. Amene anavala zomvera m'makutu anali Laitoni.

Pa zisankho zonse za pa ntchito yanga, chovuta chinali chimenechi. Ndikanatha kupeka kuti ananena zoti feteleza ndi wabwino, mayiwo n'kubwerera kwawo, nkhani n'kutha. Kuitana Laitoni kunali kubweretsa pamaso pa namfedwa munthu amene ankadyera pa imfa ya mwana wawo. Ndinkadziwanso kuti akhoza kunena kuti athandiza pokhapokha ndimupatse tepi, ndipo pamaso pa mayiwa ndikanasowa pokanira. Koposa zonse, sindinkafuna kuti alowe m'chipinda chimenecho. Aka kanali koyamba kuti munthu ayende mtunda wautali kudzaonera filimu yanga pa chifukwa chabwino, ndipo ndinkafuna akhale wanga ndekha.

"Mayi, ine sindinamve. Alipo amene anamva, koma ndi Laitoni Zgambo."

"Uja wa vidiyo?"

"Yemweyo."

Anayang'ana pansi, akusisita bondo.

"Muitaneni. Zake zinazo akayankha kwa Mulungu. Ine ndikufuna mawu a mwana wanga."

Ndinamuimbira foni. Anafika chakumasana, ndipo aka kanali koyamba kumuona akulowa m'chipinda popanda nthabwala. Anavula chipewa, anagwada, n'kupepesa maliro mwamwambo wake. A Nachisale anamuyankha osamuyang'ana. Anaonera kagawo kaja kamodzi, kenako anati, "Akulu, bwezani, muzimitse mawuwo." Ndinazimitsa mawu anga ndi dzanja langa. Esinati anawerama, anathira, anadzutsa mutu, ndipo milomo yake itayamba kuyenda Laitoni anayankhula. Sanachite kuwondetsa mawu monga amachitira amuna akamatsanzira akazi. Anangowafewetsa, n'kuwapatsa kayankhulidwe ka kumudzi kuja kokoka pang'ono kumapeto:

"Feteleza ameneyu akanakhala shuga, amayi anga akanathira thumba lonse mu tiyi, chimanga n'kufa ndi njala!"

Mawuwo anathera pomwe milomo inatsekera, ndipo anthu a pa kanema aja anaseka pa nthawi yake. A Nachisale anayamba ndi kuseka, kuseka kwenikweni, kenako kunasanduka kulira.

"Ndi iyeyo! Ndi iyeyo ameneyo! Tsiku ndi tsiku ankandinena za shuga, mwana wopanda ulemu uja. Mayo, Esinati wanga!"

Anagwira dzanja la Laitoni ndi manja awo onse awiri, osalitayanso. "Anenenso," ankatero, ine n'kubweza tepi, Laitoni n'kunenanso. Tinachita zimenezo mpaka mawu a Laitoni anayamba kusasa, misozi ikumutsika nayenso. Ntchito yanga m'chipindamo inali kudina batani.

Sindikudziwa kuti Mayi Kamanga anaima pakhomo nthawi yaitali bwanji. Anangoti, "A Mwale, tepiyo apatseni mayiwa. Za chionetsero ndiona ine." A Nachisale anaikulunga m'chitenje n'kuimanga m'chiuno. Laitoni anaiyang'ana ikupita, ndipo ndinadikira kuti ayambe kunyengerera. Sanatchule za tepi, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo gawo lachiwiri lija sanalipange. Potsanzika mayiwo anamuuza kuti, "Mulungu akudalitseni, mwana wanga." Kenako anatembenukira kwa ine: "Zikomo nanunso, a makina."

Atapita ndinamutsatira Laitoni pansi pa mango paja.

"Iwe, Laitoni, tandiuza zoona. Ananenadi zimenezo?"

Anandiyang'ana kwakanthawi, maso akadali ofiira.

"Munali pomwepo, akulu, pafupi kuposa ine. Inu munamva zotani?"

Analiza njinga yake n'kupita.

Anthu kuno amati a Mwale amamuchitira nsanje Laitoni chifukwa cha nyumba yake ya malata ndi dzina lake lotchuka, ndipo inunso ndakumvanipo mukunong'onezana zomwezo. Zimenezo zinkandipweteka kale, koma pano zinazizira. Chimene sichinazizire ndi masana amenewo. Kujambula ndinajambula ine, tepi ndinaisunga ine, kukana kuibwereketsa ndinakana ine, ndipo mayi uja anayenda ulendo wonsewo kubwera kwa ine. Koma mwana wawo anawabwezera ndi Laitoni.